Mano a Kuseri kwa Lilime

Roscoe Tveit, mng'ono wake wa malemu amuna anga, anathira nsomba zachilendo kumtunda kwa mathithi a mtsinje wa Spoon. Anazithira ndi manja ake, kuchokera m'ndowa, tsiku lomwelo tinamwaza phulusa la mkulu wake. Dzina lake ndalilemba lonse dala, wina angadzanene kuti ine Wanda ndimayenda m'mbali polankhula. Komanso sanali yekha. Ena mwa inu amene mukuwerenga izi munagwira nawo ndowazo, kenako munatsika phiri n'kudzadya nyemba zanga ndi payi wanga, n'kundigwira dzanja kuti pepani mayi.

Sukulu ndinalekezera ku pulayimale bambo atavulala msana, ndiye amene akufuna mawu osalala apite kwa abusa. Ine ndingonena mmene zinayendera.

Mathithiwo mukuwadziwa. Kutalika kwake aposa denga la khola langa, palibe nsomba ingalumphe. Kumunsi kwake kuli chisawawa chokhachokha: nsomba zotchedwa za utawaleza, zosakanikirana, zonse zimene agogo athu ankabwera nazo m'zitini za mkaka n'kumathira paliponse pamene aona madzi. Kumtunda kwake kunali mtundu umodzi wokha, tirauti wathu wa mapiri ano a Montana, amene timamutcha wochekedwa pakhosi. Kunsi kwa nsagwada ali ndi timizere tiwiri tofiira, ngati wina anayamba kumucheka n'kusintha maganizo. Zakumtundako n'zazing'ono. Yomwe timati yaikulu siposa mpeni wodulira buledi. Koma zinali kumeneko zokhazokha munthu asanabwere ndi ng'ombe ngakhale waya, ndipo magazi ake anali asanakhudzane ndi nsomba ina iliyonse.

Ndikukukumbutsani zinthu zimene mukuzidziwa kale, chifukwa masiku ano aliyense m'chigwa muno wayamba matenda oiwala.

Amuna anga, Alden, anandifunsira ukwati pamtsinje womwewo, ndipo anafunsira mopusa. Anawedza kansomba, n'kukagwira ndi dzanja lonyowa, n'kunena kuti, "Lowetsa chala chaching'ono m'kamwamu. Pitirira lilime. Pitiriranso."

"Ndiye wandikweza phiri lonseli kudzandilumitsa nsomba?"

"Ukumva chiyani?"

Ndinamva timano. Ting'onoting'ono, tokanda ngati lilime la mphaka, kuseri kwenikweni, pafupi ndi kummero.

"Za utawaleza zilibe amenewo," anatero. "Mzere wa pakhosi ukhoza kukunamiza, umafufuma. Mano sanama kwambiri." Anakabwezera m'madzi, n'kupukuta dzanja pathalauza. "Nanga ukwatiwe ndi ine?"

Ndinavomera chala chikununkha nsomba.

Kuyambira pamenepo chaka chathu chinkayenda ndi nsombazo, osati ndi kalendala ya kusitolo. Chipale chikayamba kusungunuka m'mapiri mtsinje umadzaza, umakhala wamatope, ukubangula. Ukayamba kuphwera n'kuyera, madzi atangofunda pang'ono, zazikazi zimafunafuna timiyala toyera kumapeto kwa dziwe, pamene madzi amayamba kuthamanga. Yaikazi imagona chammbali n'kumenya pansi ndi mchira. Imamenya, imapuma, imamenyanso, mpaka timiyala titapatuka, kadzenje n'kuoneka koyera pakati pa miyala yandere. Chisa chake n'chimenecho. Yaimuna imakhala pambali, mimba itafiira, ikuthamangitsa zinzake. Nthawi ikakwana ziwirizo zimagundana, kukamwa yasaa, thupi likunjenjemera, iyi ikutulutsa mazira iyo ikuwathira madzi ake oyera ngati mkaka. Ikatero yaikazi imasendera kutsogolo pang'ono n'kukumbanso, timiyala tatsopanoto n'kukwirira mazirawo. Ndiye yatha ntchito. Silera ana. Imabwerera m'dziwe itawonda, mchira utang'ambika, ndipo ikapulumuka chisanu idzabweranso.

Mazira amatsala m'timiyalamo, akupuma ndi madzi odutsa m'mipata. Matope akatseka mipatayo afa. Ng'ombe ikaponda afa. Akaswa, tiana sitituluka msanga, timagona momwemo ndi kathumba ka chakudya pamimba mpaka katatha, n'kudzatulukira dzuwa litatentha, udzu wa ng'ombe tikudula. Timakhala ngati tizitsotso, m'mbali mwa madzi. Timadya tizilombo ta pansi pa miyala, nyerere ndi ziwala zogwera m'madzi. Chisanu chikafika timabisala m'maiwe akuya, pamwamba madzi ataundana gwa. Pamadutsa zaka zitatu kapena zinayi kuti kamodzi kakule n'kukumba chisa chake, ndipo pa chisa chonse topulumuka n'towerengeka.

Chifukwa cha zimenezi Alden anamanga mpanda wa waya mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo ng'ombe zathu sizinkamwa kumeneko kufikira tiana titatuluka. Zinkamwera m'chomwera chachitsulo chimene iye ankadzaza ndi paipi. Munkamuseka. Roscoe ndiye ankatsogolera.

"Achimwene," ankatero pakhomo la tchalitchi, anthu akumva, "nsomba zanu zija zakula? Kapena mpaka pano mukufunikabe magalasi kuti muzione?"

"Zili bwino, Roscoe."

"Mubwere kudziwe kwanga mudzaone nsomba. Imodzi yokha banja lonse kukhuta, galu n'kutsalirako."

Roscoe ali ndi dziwe lokumba kuseri kwa nyumba yake. Amagula za utawaleza n'kumazidyetsa chakudya cha m'matumba ngati nkhumba. Zimenezo n'zake, sindinanenepo kanthu.

Alden anagwa m'munda wa udzu mu Sepitembala. Mtima. Ndinamupeza thirakitala ikulirabe. Anali atanena kalekale kuti akadzafa timuwotche, phulusa tikalimwaze padziwe loyamba kumtunda kwa mathithi, pamene anakhoma benchi ya thabwa yomwe tinkakhalapo poonerera zisa. Tinakonza zoti tikwere mu Okutobala, chipale chisanatseke njira.

M'mawa wa tsiku lokweralo Roscoe anabwera ndi amuna ena pa akavalo. Anati atsogole akachotse mitengo yogwera m'njira kuti amayi adutse bwino. Ndinaona ndowa zazikulu zovundikira zitamangidwa m'mbali mwa akavalo onyamula katundu, madzi akutayikira m'miyendo mwawo.

"M'ndowamo muli chiyani?"

"Mowa ndi ayezi, alamu. Achimwene sangapite kukhosi kuli gwa."

Amuna aja anaseka. Nkhope zawo sindinaziyang'ane. Ndinali nditafungatira bokosi la phulusa, maso anga anali pamenepo. Mpaka lero ndikamayesa kukumbukira amene anali pa akavalowo ndimangoona zipewa.

Tinafika, abusa anapemphera, ndinamwaza. Phulusa linayandama pang'ono n'kumira. Roscoe anavula chipewa, misozi ili mbwee, ndipo inali yeniyeni, sindimunamizira.

"Achimwene," anatero, "tsopano mukhala ndi nsomba zokuyenerani."

Wina anati ame. Ena anatsinzinirana maso. Ine ndinkayesa akunena za kumwamba.

Chisanu chonse ndinakhala ndekha ndi ng'ombe. Roscoe ankabwera kudzandikankhira chipale pamsewu, ndinkamuphikira khofi, ankamwa. Miyezi yonseyo ankandiyang'ana m'maso, akudziwa chimene chagona pansi pa ayezi kumtunda.

Kumayambiriro kwa Juni madzi atayamba kuyera ndinakwera ndekha. Ndinatenga ukonde wampini wa Alden, osati kuti ndigwire kanthu, koma dzanja linazolowera kuti popita kumeneko pamakhala chonyamula. Ndinakhala pabenchi. Kumapeto kwa dziwe, pamalo pomwe timayembekezera chaka chilichonse, kayaikazi kanali katayamba kukumba. Pambali pake kayaimuna, mimba psuu. Ndinalira pang'ono. Ndinati, Alden, zabwera.

Kenako pansi pa chipika panatuluka chinthu.

Chinali chachitali ngati mkono wanga, chonenepa, msana wobiriwira, mzere wa pinki kuyambira kumutu mpaka kumchira. Timadontho mutu wonse. Zathu timadontho timachuluka kumchira, kumutu n'tochepa. Nsonga za zipsepse zake zinali zoyera. Chinangogunda kayaimuna kaja kamodzi, kameneko n'kuthawira kumiyala. Ndiye chinadzagona pambali pa kayaikazi, ngati ng'ombe yamphongo pambali pa mbuzi.

Ndinaimirira. Ndinakuwa, ngati nsomba imamva. Ndinaponya mwala koma unagwera patali. Ndisanatsike n'komwe pagombe, kayaikazi kanayasama, chinthucho chinanjenjemera, madzi n'kuyera ngati wathiramo mkaka.

Ndinalowa m'madzi ndi nsapato zomwe. Nsomba yoleredwa ndi chakudya cha m'thumba siopa munthu, imayesa wabwera kudzaidyetsa. Inazungulira n'kubwerera pachisa, ine n'kuivundikira ndi ukonde. Ndinaikokera pamtunda ikudzimenyetsa. Ndinkadziwa kale, koma ndinalowetsabe chala m'kamwa mwake, kupitirira lilime. Posalala see. Ndinaimenya ndi mwala pamutu mpaka inaleka.

Tsopano mverani bwino, chifukwa apa m'pamene sindidzakukhululukirani.

Nditacheuka kayaikazi kanali kakukwirira mazira. Kankagwira ntchito yake, sikankadziwa kanthu. Mazira amenewo akanaswa. Hatchi ikakwerana ndi bulu mwana wake sabereka, nkhani imathera pomwepo. Nsomba izi sizitero. Ana a utawaleza ndi wochekedwa amabereka bwinobwino, ndipo amabereka ndi aliyense. Chaka ndi chaka magaziwo amafalikira, mzere wa pakhosi umazilala, mano aja amasowa, mpaka tsiku lina mtsinje uli wodzaza nsomba koma yathu mulibemo ngakhale imodzi. Kumunsi kwa mathithi zinatha choncho. Palibe anaziwedza zonse, palibe anazipha. Zinangosungunuka.

Ndinathamangitsa kayaikazi ndi mpini wa ukonde. Ndinaponda pachisa. Ndinapondaponda, ndikufukula ndi chidendene, mazira akutuluka m'timiyala, achikasu chofiirira, akugubuduka ndi madzi kulowera kumathithi. Kayaikazi kanaima chapatali, mutu kuyang'ana komwe madzi akuchokera, kakudikira kuti ndichoke. Pamalo pomwe Alden sanalole ngakhale mwana wa ng'ombe kupondapo, ndinapondapo ine mkazi wake, ndi nsapato zamatope, pamwamba pa phulusa lake. Munandichititsa zimenezo ndinu.

Nditatsika ndinaimbira foni Tessa Lindqvist, mtsikana wa boma woona za nsomba. Alden ankamutsegulira geti chaka chilichonse kuti akadule tizidutswa ta zipsepse n'kukayeza magazi. Anabwera m'mawa mwake ndi anzake awiri, atabereka makina a magetsi okomola nsomba. Anayenda m'dziwe la benchi ndi ena oyandikana nalo. Nsomba zinkayandama chagada, zathu ankazibwezera zikatsitsimuka, zachilendo ankaponya m'thumba. Thumba linalemera.

Atamaliza anakhala pabenchi pambali panga, akuvula magolovesi.

"Mayi Tveit, ndikuuzeni zoona kapena zokoma?"

"Zokoma ndinamva zokwanira pamaliro."

"Apa tachotsa zimene taona, ndipo tibweranso. Zisa za pano tiziyang'anira. Koma kumtunda mtsinjewu ukugawika pawiri, ndipo nthambi iliyonse ili ndi timifuleni take. Ndi nkhalango yokhayokha, mitengo yogwa, maiwe osawerengeka. Anthu atatu sitingasese monsemo. Ngati ndowa zina zinapita kumeneko, ndiyenera kudziwa dziwe lake."

"Nthawi ilipo?"

"Kumtundako madzi ngozizira kwambiri, chipale chikadalipo m'mithunzi. Zathu kumeneko zimachedwa kukumba. Tili ndi masabata ochepa, osati mwezi wathunthu."

"Tikachedwa?"

Anayang'ana padziwe.

"Magazi akalowa, makinawa alibenso ntchito. Mwana wosakanikirana sungamudziwe ndi maso. Chotsala ndi kuthira poizoni mtsinje wonse, kuyambira kukasupe mpaka pamathithi. Chilichonse chopuma m'madzi chife. Kenako tibweretse zochekedwa za kumtsinje wina."

"Osati izi."

"Osati izi, mayi."

Loweruka lotsatira kunali kudinda chizindikiro pa ana a ng'ombe kwa Roscoe. Chigwa chonse chinali komweko monga mwa nthawi zonse, lero kwa uyu mawa kwa uyo, wina kugwetsa, wina kugwira miyendo, wina chitsulo chamoto. Ine ndimabwera ndi mphika wa nyemba. Tsiku limenelo ndinabwera ndi nsomba ija, nditaisunga mufiriji, nditaikulunga m'nyuzipepala. Ndinafika anthu atakhala pamatebulo kudya, fungo la ubweya wopserera lili ponseponse.

Nadine, mkazi wa Roscoe, anandilandira. "Akulu, mwachedwatu. Nyemba zili kuti?"

Ndinamudutsa. Ndinakankha mbale ya mbatata n'kumenyetsa nsombayo patebulo pamaso pa Roscoe. Khofi anatayika.

"Taonani nsomba!" anatero mkulu wina, bambo Ekberg, amene makutu ake anagontha. "Wagwira kuti, Wanda?"

"Funsani alamu anga."

Roscoe anapukuta pakamwa. Anayesa kuseka. "Alamu, mukanati muiphike kaye."

"Iwe Roscoe, ndakupeza nayo pachisa. Padziwe la benchi."

Mafoloko anaima.

"Ndiye zakhazikika," anatero. "Ndinkaopa kuti chisanu chizipha."

"Ukuvomera?"

"Ndikane chiyani? Inali mphatso. Munthu uja moyo wake wonse sanagwirepo nsomba yooneka pamtsinje wake womwe. Ankangosamala tinsomba tosakwana n'poto yomwe. Ndinati phulusa lake ligone ndi nsomba zenizeni. N'kulakwa kumeneko?"

"Anakupempha?"

"Anali mchimwene wanga inu musanamudziwe n'komwe! Tinkagona bedi limodzi, bulangete limodzi. Inu munasankha bokosi, munasankha nyimbo, munasankha tsiku. Ine ndinapatsidwa chiyani? Kuchotsa mitengo m'njira?"

"Ukanandiuza ndikanakupatsa phulusa theka ukathire kudziwe la nkhumba zakozo."

Wina anaseka n'kusanduliza chifuwa.

"Akulu, khalani pansi mudye," anatero Nadine. "Nkhani za banja sizikambidwa pagulu."

"Pagulu m'pamene anazichitira, Nadine. Iwe unkadziwa?"

Anayang'ana apuloni yake.

Roscoe anatsamira kumbuyo, wayamba kupeza mphamvu. "Komanso alamu, za magazi oyera zimenezi muziona nazo. Agogo anu aamuna anali Mjeremani, aakazi ochokera ku Ayalandi, inu n'kukwatiwa ndi Mnorowe. Tonse pano ndife osakanikirana ngati agalu a pamsewu. Nsomba yokha ndiyo ikhale ya kubanja lachifumu?"

Amuna anaseka, kuseka kopepukidwa, kuti eya, wamupeza.

"Ajeremani akadalipo," ndinatero. "Anorowe akadalipo, dziko lonse lathunthu. Ine nditakwatiwa palibe anatha. Izi zikatha pamwamba paja ukazitenga kuti? Kusitolo?"

"Ndi nsomba chabe."

"Lowetsa chala."

"Chiyani?"

Ndinaigwira nsombayo n'kuikanula kukamwa, inali itayamba kusungunuka. "Lowetsa chala, pitirira lilime, undiuze chimene ukumva."

Sanafunse kuti ndikutanthauza chiyani. Pamenepo m'pamene ndinadziwa. Bambo awo anawaphunzitsa onse awiri, iye ndi Alden, ali ana, pamtsinje womwewo, ndipo Roscoe ankadziwa za mano, ankadziwa chimene chimachitika kumunsi kwa mathithi, ankadziwa zonse pamene ankamanga ndowa pakavalo. Si umbuli ayi. Ankafuna kupambana mkangano ndi munthu wakufa.

Anabisa manja pansi pa tebulo.

"Zanga ndinathira padziwe la benchi ndi lina la pamwamba pake," anatero motsitsa mawu. "Basi. Kauzeni mtsikana wanuyo."

"Akavalo onyamula ndowa sanali mmodzi."

"Zinatsalako. Anyamata anati asabwerere nazo, anapitirira nazo kumtunda."

"Nthambi iti?"

"Sindinawatsatire."

"Anyamata ake ati?"

Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti avule pagulu. "Alamu, mukudziwa kuti boma likamva limalanda munthu chilolezo chosaka ndi chowedza. Anthu awa amadya nyama ya m'phiri chisanu chonse. Anabwera kudzalira achimwene. Mukufuna ndiwapereke?"

"Sindikufuna mayina, ndikufuna dziwe."

"Dziwe likadziwika, dzina lidziwika. Aliyense amadziwa kavalo wa ndani amakwera njira iti." Anaimirira n'kuvala chipewa. "Chigwa chino sitiitanirana boma. Ng'ombe ikalowa m'munda mwa mnzako mumakambirana pampanda. Inu mwalowetsa galimoto ya boma pageti la achimwene maliro asanathe chaka. Nkhani imeneyo ndiye muiganizire."

Ndinatembenuka kuyang'ana matebulo onse. Anthu amene ndinawaphikira pa maukwati awo. Anthu amene Alden anawakokera magalimoto m'chipale, amene anawathandiza kubereketsa ng'ombe manja ali magazi okhaokha. Ndinafunsa mokweza kuti ndani anapita kumtunda ndi ndowa. Aliyense anapeza chochita m'mbale mwake. Wina anadzuka kukaona moto wa zitsulo, moto umene unali bwinobwino. Bambo Ekberg okha ndiwo ankafunsabe kuti, "Akuti wagwira kuti?"

Ndinasiya nsombayo patebulo pomwepo. Ndamva kuti Nadine anapatsa amphaka.

Sabata yotsatira inali nthawi yanga yodinda. Anabwera anthu awiri okha: bambo Ekberg, amene sangagwetse ngakhale mwana wa mbuzi, ndi Tessa, amene sanagwirepo chitsulo chamoto chibadwire. Tinachita zimene tinatha. Uthenga wanu ndinaumva, musavutike kuubwereza. Kutchalitchi benchi yanga yakula, ndimakhalapo ndekha mpaka miyendo kutambasula. Zimenezo sizindipweteka ngati mmene mukuganizira. Ndinagona ndi mwamuna mmodzi zaka zonsezi, wapita, ndiye kusowa kwa inu ndi kulumidwa ndi udzudzu.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ndikukwera phiri tsiku lililonse pa msinkhu wanga uno. Ndimatenga nthambi ya kumanzere lero, ya kumanja mawa, ndikukwawa pansi pa mitengo, ndikusuzumira m'maiwe mpaka maso kuchita chizungulire. Tessa ndi anzake akuyamba kumunsi kukwera, dziwe ndi dziwe, ndipo pa liwiro limeneli chipale chidzagwanso asanafike pakati. Dzulo pa nthambi ya kumanja ndinapisa dzanja m'madzi, sanandilume ngati sabata yatha. Akufunda. Pa kamfuleni kena ndinaona kayaikazi kakuyendayenda pamwamba pa timiyala, kakuyesa pansi ndi kachipsepse ka kumimba. Sikanayambe kukumba. Kayamba posachedwa.

Pena pake m'nkhalango imeneyo muli dziwe limene pansi pa chipika pagona chinthu cha mzere wa pinki, chikudikira zomwezo. Mmodzi wa inu akulidziwa dziwelo. Mwina awiri, mwina atatu. Munatsika pakavalo, munamasula chivundikiro, munapendeketsa ndowa, mwina munanenanso kuti kagoneni bwino a Alden. Akazi anu akudziwa, chifukwa anachapa mathalauza onunkha nsomba tsiku la maliro.

Mukuti simupereka mnansi. Chabwino. Nanga Alden sanali mnansi? Nanga ine? Mwambo wanuwo umateteza wothira ndowa yekha, wothiridwayo ayi? Poizoni akadzatsika mtsinje umenewu adzadutsa padziwe la benchi. Ndidzakhala pomwepo kuonerera zikuyandama chagada, zonse, zazikulu ndi tiana, khosi lofiira kuyang'ana kumwamba. Ndipo ndidzazitola m'ndowa, ndidzabwera nazo pakhomo la tchalitchi, muzidzazilumpha polowa.

Sizinafike pamenepo. Lero lino zikhoza kulephereka ndi mawu awiri okha. Dzina lanu sindilipereka kwa Tessa, sindilipereka kwa aliyense, ndipo mukudziwa kuti Wanda akanena wanena. Geti langa silikhomedwa. Foni yanga mukuidziwa, munkaimba pofuna kubwereka thirakitala. Ngati manyazi akukulepheretsani kulankhula, bwerani ndi kavalo munditsogolere, ndikutsatirani osatsegula pakamwa, mukangoloza ndi chala n'kubwerera.

Koma musandiuzenso pepani. Musanditumizire Nadine ndi keke. Malilime anu osalalawo ndatopa nawo, ndikufuna kuona ngati kuseri kwake kwatsala dzino ngakhale limodzi.

Iwe amene unanyamula ndowa kupitirira dziwe la benchi, ndikulankhula ndi iwe, ndipo ukudzidziwa chifukwa pofika mzere uno khutu lako latentha. Nthambi iti, ya kumanzere kapena ya kumanja? Dziwe liti? Madzi akufunda. Ndiyankhe.